Andipatsa kamera yopanda kanthu kalikonse, ndiyambe kugula chiyani?

Nachisale_Chinamwali

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, lero ndati nane ndifunseko.

Achimwene anga a ku Joni anabwera mwezi watha ku ukwati wa msuweni wathu, ndipo pobwerera anandisiyira kamera yawo yakale, Sony a6000, ndi kalenzi kake kakang'ono kaja kolembedwa 16-50. Akuti iwo anagula ina. Anandipatsa itakulungidwa m'thawulo, batire limodzi lili mkati, kachingwe kotchajira kofanana ndi ka mafoni akale aja, basi. Chikwama palibe. Memori khadi anachotsa poti muli zithunzi za ana awo. Ngakhale kachivindikiro ka kutsogolo kwa lenzi akuti kanasowa kalekale, moti pano ndikumaphimba ndi sokosi ya mwana.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, sindine wojambula ayi. Koma tchuthi cha Ogasiti chino ndikufuna ndiyendeko. Manyazi bwanji, ndinabadwira mu Zomba momwe muno koma pamwamba pa phiri ndinafikapo kawiri kokha, kachiwiriko tinapita ndi ana a sukulu ndipo ntchito yanga inali kuwerenga mitu, osati kuona malo. Ndikufuna ndikafike ku Emperor's View ndi ku Williams Falls, ndipite ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, ndiwolokere pa chilumba cha Chisi, kenako amayi a kwaya yathu akukonza ulendo wa ku Liwonde.

Ndalandira chipereganyu, ndipo nditachotsa za pakhomo zatsala K180,000 zomwe ndaika padera. Ndinayamba kuonera mavidiyo pa YouTube, koma mutu wangozungulira. Wina akuti tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, wina mafyuluta atatu, timagalasi toika kutsogolo kwa lenzi, wina chikwama chodula kuposa malipiro anga, wina lenzi yachiwiri. Onsewo akuyankhula ali kumayiko kozizira kopanda fumbi lathuli.

Ndiye ndithandizeni abale. Ndiyambe ndi chiyani, n'chiyani chingadikire, ndipo n'chiyani chomwe ndingangotayapo ndalama? Alamu anga akukwera basi kuchokera ku Johannesburg pakatha masabata atatu, ngati pali zofunika kugula kumeneko nditha kuwatuma.

Wojambula wa ku Matawale

Chemwali, takulandirani. Kamera mwapatsidwayo si yachabe, musaipeputse poti ndi yakale. Inatuluka mu 2014, ili ndi mamegapikiselo 24, ndipo ine ndajambula nayo maukwati ndi zinkhoswe zosawerengeka. Ndinayamba ntchito imeneyi nthawi ya filimu, tikudikira sabata yathunthu kuti tione ngati mkwatibwi anatsinzina, ndiye mundilole nditalikitseko.

Choyamba, ndalama zanu ziyambe zapita ku moto. Batire la kamera imeneyo limatchedwa NP-FW50, lembani penapake. Ndi kabatire kakang'ono, ndipo kamera zopanda kalilole mkatizi zimadya moto nthawi yonse imene zayaka, chifukwa chilichonse mukuona, kaya pa sikirini kaya pa kadiso koikapo diso lanu, chikuchokera ku magetsi. Eni ake amati batire latsopano limajambula zithunzi za m'ma 300 mpaka 360. Lanulo latumikira achimwene anu zaka zingapo, ndiye muchotsepo. Komanso munthu woyamba kumene amajambula kamodzi, kuyang'ana chithunzicho katatu, kuonetsa mnzake, kulowa mu menyu kusaka chinthu, ndiye pofika 11 koloko batire latha muli pa Mulunguzi Dam, ku Emperor's View musanafike n'komwe.

Atumeni alamu anuwo mabatire awiri ndi tchaja ya pambali, ija yolowa mabatire awiri nthawi imodzi, yogwira ndi chingwe cha USB. Nthawi zambiri zimagulitsidwa pamodzi m'kabokosi kamodzi. Chifukwa chake n'chakuti batire mukalitchajira mkati mwa kamera limatenga pafupifupi maola asanu kuti lidzaze, ndipo a6000 siijambula ili pa chingwe, imangotchaja itazimitsidwa. Ndi mmene magetsi amathimira kuno, maola asanu amenewo simungawadalire. Tchaja ya USB ija mumangoilumikiza ku pawabanki, kuiponya m'chikwama, inu n'kumajambula ndi batire lina. Pa Chisi musakadalire kuti mukapeza potchajira.

Batire lenileni la Sony ndi labwino koma lingakudyereni gawo lalikulu la ndalama zanuzo. A makampani ena alipo ndipo amagwira ntchito, kungoti satenga nthawi ngati lenilenilo. Chomwe ndikukuchenjezani ndi mabatire opanda dzina lililonse, otchipa mochititsa mantha. Ndinagulapo limodzi, patatha miyezi itatu linatupa lili mkati mwa kamera. Kanali Loweruka, mkwati ndi mkwatibwi akutuluka m'tchalitchi, ine ndili kuseri kwa galimoto ndikulimbana nalo ndi kampeni ka zikhadabo. Linatuluka, koma mpunga wonse anali atawaza kale. Kuyambira pamenepo batire lililonse ndimaliika pa tebulo n'kulizunguza ndi chala. Likazungulira ngati nguli ndiye kuti mimba yatupa, litayeni.

Chachiwiri ndi memori khadi, ndipo apa ndi pamene anthu amalira. Makhadi achinyengo adzaza paliponse, zilembo zake zokongola kuposa enieni. Mmene amapangira, amatenga kakhadi ka 8GB n'kukakonza kuti kamera kapena kompyuta iziwerenga 128GB. Inu mumajambula bwinobwino, pa sikirini zithunzi zikuoneka, koma malo enieni aja akadzadza, zatsopano zimayamba kufufuta zakale mwakachetechete. Mumakazindikira muli kunyumba, mafayilo alipo, mayina alipo, koma osatsegula. Zinandichitikira pa chinkhoswe cha ku Domasi ndi khadi lomwe ndinagula pa benchi ina m'tauni. Ndinabweza ndalama zonse, koma ndalama sizibweza chinkhoswe. Mpaka lero mayi a mtsikanayo tikakumana pa msika amandiyankha moni akuyang'ana kumbali.

Ndiye khadi ligulidwe m'sitolo yeniyeni yopereka lisiti. SanDisk, Lexar, Kingston, onsewo ndi abwino bola akhale enieni. Likhale ndi chizindikiro cha U3 kapena V30, chosonyeza liwiro lake. Musavutike ndi makhadi odula a UHS-II, kamera yanuyo siidziwa kugwiritsa ntchito liwiro lawo. Ndipo mugule awiri a 32GB kapena a 64GB m'malo mwa limodzi lalikulu. La 32GB limasunga zithunzi zoposa 1,000 ngakhale mutajambula RAW, mtundu wa mafayilo akuluakulu, pa JPEG, wa mafayilo ang'onoang'ono, ndiye simungalidzaze ulendo umodzi. Likafika, pezani munthu wa laputopu aliyeze ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamalemba khadi lonse n'kuwerenganso, bodza limaonekera pomwepo. Mukatero mulifomate mu kamera momwemo, osati pa kompyuta.

Chachitatu, sokosi ya mwanayo ibwerere kwa mwini wake. Yang'anani kutsogolo kwa lenzi, muona palembedwa 40.5. Umenewo ndi mulingo wa chivindikiro chake. Atumeni ziwiri, chifukwa chimodzi mudzachitaya ndithu, tonse tinataya.

Tsopano zoyeretsera. Mukufuna zinthu ziwiri zokha, kampira kopopera mphepo kaja kokhala ngati ka kuchipatala, ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a m'maso. Mwezi mukuyendawo ndi wa fumbi, msewu wa ku Kachulu mukauona nokha. Lamulo ndi lakuti mphepo iyambe, nsalu itsatire. Mukapukuta galasi lili ndi fumbi ndiye kuti mukulikwecha ndi mchenga. Chitenje ayi, tishu ayi, kuuzira ndi pakamwa ayi. Ndipo poti lenzi muli nayo imodzi yokha, musaichotse pa kamera. Kamera zimenezi mukangochotsa lenzi, sensa, yomwe imalandira chithunzi mkati mwa kamera, ili pamtetete, palibe choitchinga. Mukafuna kudziwa ngati muli kale fumbi, zunguzani kagudumu ka pamwamba pa kamera kafike pa A, mukweze nambala ifike f/16 kapena f/22, mujambule kumwamba kopanda mitambo. Mukaona timadontho tomwe tili pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse, ndi fumbi la pa sensa. Mu menyu muli Cleaning Mode, yesani imeneyo kaye, kenako kampira kaja kamera itayang'ana pansi, mlomo wa kampirako osakhudza kanthu. Zikakana, bwerani nayo kwa wodziwa. Musalowetsemo chala kapena thonje.

Chomaliza, ndipo ichi a pa YouTube aja sangakuuzeni, ndi chuku. Zomba ndi wachinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi nsapato zachikopa zimamera ubweya m'kabati, nanga lenzi ingapulumuke bwanji? Chuku chikalowa mkati mwa lenzi chimayala timizu toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pa galasi, osachokanso. Mu 1995 nyanja ya Chilwa itauma ndinapita ku Kachulu ndi mafilimu atatu. Ndinajambula mabwato atakhala pa dothi long'aluka, anthu akuyenda wapansi pomwe panali madzi. Manegetivu ake ndinawasunga mu envulopu m'sutikesi pansi pa bedi. Nditawatulutsa patapita zaka, anali atamatirana, ndikawayang'ana pa dzuwa ndikungoona mawanga obiriwira. Palibe ngakhale chimodzi chinatsala.

Mankhwala ake ndi otchipa. Kontena ya pulasitiki yotseka bwino, zija zosungira chakudya zokhala ndi mphira pa chivindikiro, ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Pemphani m'masitolo a nsapato, amangotaya. Muzitiyanika pa dzuwa lamphamvu kawirikawiri kuti tiume. Kamera izigona m'menemo, osati m'chikwama, osati m'kabati yotsamira khoma.

Tripod ndi mafyuluta muiwale kaye. Ndaima pamenepa, zala zatopa.

Mfana wa Chanco

Madala anena zomveka, palibe chochotsapo. Ine ndingowonjezera pa nkhani ya tripod chifukwa madamu atchula Williams Falls, ndipo ndikudziwa chithunzi chomwe chili m'mutu mwawo, chija madzi amaoneka ngati mkaka ukutsika pa miyala.

Ine ndinagula tripod yotchipa, zija za miyendo yopyapyala ngati mapesi. Ndinakwera nayo phiri kudzera Potato Path, phewa kuwawa, kukafika pa mathithi kamphepo kakang'ono chabe ikunjenjemera. Tsiku lina mwendo umodzi unangolowa wokha, kamera n'kuyamba ulendo wopita pansi, ndinaigwira ndi lamba. Pano ndimayanikapo thawulo ku hositelo. Tripod yabwino ndi yodula, yotchipa ndi yoopsa, yapakati kulibe.

Chomwe ndimachita pano ndi ichi. Sokosi yaikulu yoyera, kuthiramo mpunga kapena nyemba pafupifupi theka la kilo, choyamba mu kajumbo kuti fumbi lake lisatuluke, kenako kumanga mfundo. Mukaiika pa mwala n'kukhazikapo kamera, imakhala phee, ndipo mutha kuipendeketsa mmene mukufunira. Pa Williams Falls miyala ndiye yosasowa. Ikani kamera pa S, ISO 100, liwiro pa 1/4 kapena theka la sekondi, muyatse kataima ka masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze kamera podina. Mupite m'mawa dzuwa lisanalowe m'mitengo muja, kapena tsiku la mitambo, apo ayi chithunzi chidzayera mbee. Mukatero fyuluta ya ND, ija yochepetsa kuwala, yomwe akukuuzani pa YouTube simuifuna n'komwe. Sokosi yomweyo mukaiika pa windo la minibasi ku Liwonde igwiranso ntchito, bola dalaivala azimitse injini. Ndiye madala akuti sokosi ibwerere kwa mwana, ine ndikuti ibwerere koma mubwereke ya bambo ake.

China chomwe sanatchule ndi kotengera zithunzi kupita pa foni. Kamerayo ili ndi Wi-Fi ndipo imatha kutumiza pa foni kudzera pa app ya Sony, koma zimachedwa ndipo zimadya batire lomwe tikulilirali. Gulani ka card reader kolowa ku foni, muonetsetse kaye ngati foni yanu ndi ya USB-C kapena ya kabowo kakale. N'kotchipa, m'tauni momwe muno kamapezeka. Madzulo aliwonse mukopere zithunzi za tsikulo pa foni, pa khadi osafufuta. Zikakhala malo awiri mumagona tulo. Mukapeza bandulo ya usiku muzikweze pa Google Photos.

Kuti batire lichedwe kutha, yatsani Airplane Mode mu kamera, muchepetse nthawi yoti izigona yokha ifike pa miniti imodzi, ndipo muzimitse Pre-AF, ija imapangitsa lenzi kumangosakasaka pomwe simunadine kanthu. Zimenezi n'zaulere.

Pawabanki ngati muli nayo kale ya foni, yomweyo ikwana. Ya 10,000 mAh imadzaza timabatire timeneti kangapo.

Mayi a Tadala

Aphunzitsi, ine za manambala azibambowa sindizidziwa bwino, koma ndakhala ndikuperekeza alendo pa phiri pano zaka zambiri, ndipo makamera ndawaona akufa m'manja mwa eni ake. Ndikuuzani zomwe ndaona ndi maso.

Chikwama cha kamera chenicheni, chija cholembedwa dzina kunja, musagule. Choyamba n'chodula, chachiwiri chimalengeza kwa aliyense pa depoti kuti muno muli katundu. Pitani pa kaunjika mupeze kachikwama kakumsana kolimba, ka zipi wabwino. Mkati mwake muikemo kathumba kofewa kotetezera kamera. Ngati alamu anu angapeze kaja kopangidwa kale n'kabwino, koma ine kanga anandisokera telala wa ku Mpondabwino ndi siponji yotsala ya mpando ndi kansalu ka chitenje, ndipo katha zaka zinayi. Chofunika n'chakuti kamera isagundane ndi botolo la madzi kapena makiyi. Kalenzi kanuko kamatuluka kokha mukayatsa kamera, n'kubwerera mukazimitsa. Ndinaona ka mlendo wina katakanirira panja chifukwa anaponya kamera m'chikwama ili yoyaka, pa njinga yamoto, msewu wa ku Chingwe's Hole. Anangomva kulira kwa kamota, basi ulendo wonse anajambula ndi foni. Muzionetsetsa kuti yazima ndipo lenzi yalowa musanaisunge. Mukakwera kabaza kapena njinga yamoto chikwama chikhale kutsogolo, pamimba.

Lamba wa m'khosi ngati palibe mugule, kapena kachingwe ka pa mkono. Pa bwato la ku Chisi kamera isachoke m'khosi ngakhale pang'ono. Mabwato ake amayendetsa ndi nsungwi zazitali poti nyanjayo ndi yosaya, ndipo madzi a pa nsungwi amadonthera aliyense wakhala pafupi. Madzi a Chilwa ali ndi kamchere. Khalani pakati, kamera mu jumbo mpaka nthawi yojambula.

Majumbo amenewa ndiwo chida changa chachikulu. Tengani awiri olimba, kapena aja otseka pakamwa ngati zipi. Phiri lino silipangana ndi munthu. Kumusi kutha kukhala dzuwa, inu kufika pa Ku Chawe n'kupeza nkhungu yoti mnzanu ali apo osamuona, ndi kamvula kowaza ka chiperoni komwe sikaoneka ngati mvula koma pakatha ola juzi yanyowa. Ogasiti kamachepa kusiyana ndi Juni ndi Julayi, koma kamabwerabe. Kamera yanuyo sinapangidwe kuti izinyowa. Ikanyowa pang'ono, ipukuteni, ndipo mukafika kunyumba musaitsekere mu kontena nthawi yomweyo, iyambe yauma pa mphepo. Kukazizira batire lapadera liikeni m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi, lozizidwa limatha msanga.

Ndikuuzeninso zoona za Emperor's View kuti musadzakhumudwe n'kuyamba kuda kamera. Malowo anawatcha choncho chifukwa Haile Selassie anaimapo mu 1965, ndipo tsiku labwino mumaona Mulanje yense, chigwa cha Phalombe ndi Chilwa ikunyezimira. Koma mwezi mukupitawo anthu amakhala ayamba kutentha tchire, utsi ndi fumbi zimadzaza m'chigwa, Mulanje amangooneka ngati mthunzi kapena osaoneka n'komwe. Palibe fyuluta yochotsa utsi. Fikani m'mamawa kwambiri, ndiye mwayi ulipo. Mukafuna Mulanje woyera bwino ngati mungamukhudze, mudzabwerenso mu Epulo kapena Meyi mvula itangotha. Si patali, mumakhala pa Chinamwali pompo.

Anyani musawaonetse chakudya, ndipo chikwama musachisiye pansi chotsegula mukamajambula. Amadziwa kuti m'zikwama mumakhala nthochi.

Za anthu. Anyamata ogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu, amayi osenza nkhuni potsika phiri, asodzi a matemba ku Kachulu, onsewo amaoneka bwino pa chithunzi, koma pemphani kaye. Moni, kucheza pang'ono, kugulako kambale kamodzi, kenako kufunsa. Wokana musamukakamize. Ndipo m'tauni muno mukudziwa nokha malo a asilikali ndi a boma oti kamera siilozedwako.

Mfana wa Chanco

Mayi a Tadala mwandikumbutsa. Poti fumbi ndi madzi n'zochuluka chonchi, bwanji madamu agule ka UV filter ka 40.5 kongotetezera galasi? Ine kanga sikachoka. Madala mwati mafyuluta aiwale, koma aka ndi ka mtundu wina.

Wojambula wa ku Matawale

Mphwanga, nkhani imeneyo ojambula akhala akukangana kuyambira kale, ndipo sitiithetsa lero. Maganizo anga ndi awa. Fyuluta ya UV yotchipa ndi galasi la pawindo loikidwa mkombero. Ukajambula moyang'ana dzuwa, monga mmene chemwaliwa adzachitire dzuwa likamatuluka pa Chilwa, imabweretsa timizukwa tobiriwira pa chithunzi ndipo mitundu imafooka. Yabwino, yopakidwa bwino ngati za Hoya, ilibe vuto limenelo kwenikweni, koma mtengo wake ukauyerekeza ndi wa kalenzi ka 16-50 kogwiritsidwa kale ntchito, uona kuti ukugulira mbuzi loko wa ng'ombe. Chivindikiro chimateteza bwino kuposa fyuluta, bola chizibwerera pamalo pake ukangotha kujambula. Komabe pa bwato ndi pa msewu wa fumbi ndikuvomera, kupukuta fyuluta kumapepuka mtima kusiyana ndi kupukuta lenzi. Ndalama zikatsala agule yapakatikati, azichotsa pojambula dzuwa.

Fyuluta yomwe imachitadi ntchito yoti kompyuta singaichite ndi polarizer, yolembedwa CPL. Ukaizunguza imachotsa kunyezimira pa madzi ndi pa masamba, thambo limadera bwino. Pa Mulunguzi Dam dzuwa lili chakumbali, madzi amasanduka obiriwira mpaka kuona miyala ya m'mphepete. Koma imadya kuwala, ndipo kalenzi aka n'kosowa kale kuwala, ndiye m'nkhalango kapena madzulo iyenera kuchoka. Munthu amene sanazolowere kamera yake, fyuluta imeneyi imangomuwonjezera chinthu china choiwala. Chaka chamawa.

Chemwali, za ku Liwonde ndikuuziretu. Lenzi yanuyo pa 50 siikoka patali. Njovu ikakhala kutsidya kwa dambo idzaoneka ngati chiswe pa chithunzi, mbalame ndiye musayese. Lenzi yokoka ya kamera imeneyo yomwe anthu amayambira ndi 55-210, ndipo ngakhale yakale singalowe mu K180,000 pamodzi ndi zina zonsezi. Musaikakamize. Ngati gulu lanu lingakwanitse kukwera bwato pa Shire, mvuu, ng'ona ndi njovu zobwera kudzamwa zimakhala pafupi moti 50 ikwana. Zikakhala patali, jambulani malo onse, mtsinje, migwalangwa, milambe, njovu zili kakang'ono pakona. Zithunzi zotero nthawi zambiri zimaposa zija za mutu wa njovu wokhawokha zomwe aliyense ali nazo. Ndipo musaiwale kujambula amayi a kwayawo akukuwa ataona ng'ona, zimenezo ndi zomwe adzakupempheni pa WhatsApp.

Mukadzafuna 55-210 tsiku lina, chivindikiro ndi fyuluta zake ndi za 49, sizigwirizana ndi za 40.5. N'chifukwa chake ndikuti musathamangire kugula mafyuluta ambiri pano.

Nachisale_Chinamwali

Abale inu, zikomo kwambiri, sindimayembekezera kuti mundiyankha mozama chonchi. Bambo a ku Matawale, nkhani ya manegetivu a 1995 yandikhudza. Mayi anga amakamba za chaka chimenecho, kuti matemba anasowa pa msika, ndipo ndikanakonda kuona zithunzizo.

Dzulo nditaweruka ndayesa zija za f/22. Ndinaima pabwalo la sukulu ndikuloza kamera kumwamba, ana a Sitandade 4 atandizungulira akuyang'ananso kumwamba kufuna kuona chomwe madamu aona. Timadontho tilipo titatu, kamodzi kakakulu chakumanzere. Cleaning Mode yachotsa kamodzi. Tiwiri totsalato ndidikira kampira, sindikhudza.

Alamu ndawalembera kuti agule mabatire awiri a NP-FW50 ndi tchaja yake ya USB, makhadi awiri a 32GB m'sitolo ya lisiti, zivindikiro ziwiri za 40.5, kampira ndi kansalu. Achimwene atamva anaseka, akuti lamba wa kamerayo ali naye m'dirowa, amutumiza pamodzi. Card reader ndigula konkuno, foni yanga ndi ya USB-C. Kontena ndapeza kale kukhitchini, ndangosamutsa shuga. Chikwama ndikayang'ana pa kaunjika Loweruka. Ndikawerengera zikuoneka kuti patsala kenakake, ndipo m'malo mwa fyuluta ndaganiza zosungira bwato la ku Liwonde.

Mayi a Tadala, kodi Loweruka lachiwiri la Ogasiti mudzakhalapo? Ndikufuna ndidzanyamuke kunyumba kusanache kuti ndikafike ku Emperor's View utsi usanakwere, koma njira ya kumeneko ndekha sindingaiyende.

Funso lina laling'ono. Batire lomwe lilipoli ndalizunguza pa tebulo monga munanenera. Silikuzungulira ngati nguli, koma likugwedera pang'ono. Ndilisiye kapena ndizigwiritsabe ntchito?

Wojambula wa ku Matawale

Tebulo lanulo ndi lowongoka? Yesani pa galasi la pawindo kapena pa kalilole mutamugoneka pansi. Kenako liloweni mu kamera n'kukankha kaloko kabuluu kaja. Likatumphuka lokha, lili bwino. Likafuna kukokedwa ndi zikhadabo, lisalowenso, ndipo musalitaye pa moto wa zinyalala.

Mayi a Tadala

Ndidzakhalapo aphunzitsi, ndilembereni ku inbox tipangane pokumana. Mudzavale juzi yeniyeni ndi nsapato zotseka. Mpunga wa mu sokosi uja mudzatenge wochulukirapo, ndikuonetsani mwala womwe alendo onse amaikapo makamera pa Williams Falls.